Mwana wanga ndiye ankazunzidwa, koma wobwezedwa kunyumba ndi iyeyo

"Zikomo aphunzitsi. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ntcheu. Mwana wanga woyamba, mnyamata wa zaka 14, anasankhidwa kupita ku sekondale ya boma yogonera konko ndipo ali Fomu 1. Atabwera ku holide yoyamba anali ataonda, bulangete lomwe tinamugulira analibe, nsapato anati zinasowa. Mwana woti kale ankalongolola mpaka kuchita kumuletsa, ankangokhala duu kuseri kwa nyumba. Kawiri konse ndinapeza atakodza pogona, zomwe anasiya ali ndi zaka zisanu. Sabata yathayi wabwezedwa kunyumba kwa masabata awiri chifukwa anamenya mnyamata wa Fomu 4 ndi ndowa mpaka kumutema pachipumi. Apa m'pamene waulula kuti chiyambire sukulu, anyamata atatu akhala akumuchapitsa zovala, kumulanda ndalama ndi chiponde, komanso kumudzutsa usiku kuti aziwavinira. Mmodzi mwa iwo ndi pulifekiti. Atatuwo ali pasukulu pompano, akuphunzira. Bambo ake akuti nawonso anadutsa momwemo, mwamuna amakhwima choncho. Mlongo wanga, malume ake a mwanayu, akuti apita konko akawaonetse anyamatawo. Ine mutu waima. Kodi sukulu yachita chilungamo? Ndimusamutse?"

Mayi, pepani ndithu. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ndiyambe ndi kukukhazikani mtima pansi: mwana wanu sanawonongeke, ndipo inu simunalephere. Munaona kuonda, munaona bulangete palibe, munaona kuti pakamwa patsekeka. Makolo ambiri amangofunsa kuti wakhala nambala chani, n'kuthera pomwepo. Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa ku sekondale, zina ndikuyang'anira anyamata kuhosteli, zina ndili mu komiti yosungitsa mwambo, ana amene ankandisowetsa tulo ndi aja ongomeza zonse mpaka kumaliza sukulu. Wanuyu watsegula pakamwa, ngakhale kuti ndowa ndiyo inayamba kumulankhulira.

Zokodza pogonazo musamukalipire, ndipo azing'ono ake asazimve. Mwana amene amadzutsidwa pakati pa usiku ndi anthu oti amawaopa amagona mtima uli m'mwamba, ndipo ena amafika poopa kutuluka kukataya madzi kuti angakumane nawo panjira. Kawirikawiri zimatha mantha akatha. Koma zikapitirira, kapena akamamva kuwawa pokodza, kapena mkodzo ukamaoneka magazi, pitani naye kuchipatala akaone ngati si likodzo kapena matenda ena.

Tsopano funso lanu loti kodi sukulu yachita chilungamo. Ine ndikuti yaweruza theka la nkhani. Apa pali milandu iwiri. Woyamba ndi wa ndowa. Mwana wanu anatema mnzake, magazi anatuluka, ndipo palibe sukulu yomwe ingangoti zii pa zoterozo. Ndowayo ikanatera pa diso bwenzi tikukamba zina. Chilango chimenecho musalimbane nacho kwambiri, ndipo mwanayo amve kuchokera pakamwa panu kuti kumenya munthu ndi chiwiya n'kulakwa. Mlandu wachiwiri ndi wa miyezi yonse ija yochapitsidwa, yolandidwa ndi yovinitsidwa. Umenewu sunaweruzidwe, mwinanso sunafike n'komwe pa tebulo la ahedi. Sukulu zimathamangira mlandu wa magazi chifukwa uli ndi tsiku lake, mboni zake ndi bala loti aliyense aone. Nkhanza za pang'onopang'ono zilibe bala loonetsa anthu. Ntchito yanu m'masabata awiriwa ndi kuupezera mlandu wachiwiriwu masiku, maina ndi mboni, kuti nawonso ukhale pa tebulopo.

Aphunzitsi ambiri timasakaniza ndewu ndi kuzunza, pomwe n'zosiyana kutali. Ndewu ndi ya anthu ofanana mphamvu: akangana pa mpira, akunthana, mawa lake akudyera mbale imodzi. Katswiri wina wa kaganizidwe ka anthu, Dan Olweus, yemwe anayamba kufufuza nkhaniyi m'sukulu za ku Sweden ndi Norway m'zaka za m'ma 1970, anaphunzitsa kuti kuzunza ukuzindikire ndi zinthu zitatu: wochitayo amachita dala, amachita mobwerezabwereza, ndipo wochitiridwayo alibe mphamvu zodzitetezera. Yesani nkhani ya mwana wanu pa muyeso umenewu. Atatu kwa mmodzi, a Fomu 4 kwa wa Fomu 1, wina ali ndi udindo wopatsidwa ndi sukulu yomwe, ndipo zachitika teremu yathunthu n'kupitirira. Ku Norway komweko boma linadzidzimuka mu 1982 anyamata atatu atadzipha chifukwa chozunzidwa ndi anzawo, ndipo chaka chotsatira linayambitsa ndondomeko yolimbana ndi mchitidwewu m'sukulu zonse za dzikolo. Bungwe la UNESCO nalo linapeza mu 2019 kuti padziko lonse, pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu alionse anali atazunzidwapo ndi anzake m'mwezi umodzi wokha, ndipo kuno kum'mwera kwa Sahara anali pafupifupi theka. Ndikutchula izi kuti mukapita kusukulu wina asakakuuzeni kuti mukukuza nkhani ya masewera a ana.

Kwa bambo akunyumba ndilankhule mwaulemu, poti mawu awowo ndawamva kwa abambo ambiri, ena mwa iwo aphunzitsi anzanga. Inde, anadutsamo. Nanenso ndinadutsamo. Ndili Fomu 1 ndinapatsidwapo kandalama kosakwana n'komwe mandasi amodzi, n'kuuzidwa kuti ndikagule asanu ndipo ndibwere ndi chenje. Lero tikakumana pa ukwati ndi anzanga a nthawi imeneyo timaseka mpaka misozi. Koma oseka aja ndi amene tinamaliza. Amene anathawa teremu yachiwiri osabweranso sakhala nawo pagulupo kuti atiuze ngati zinawakhwimitsa. Ndipo m'kuona kwanga, chomwe chimakhwima mwa mwana wozunzidwa si mtima koma ngongole. Amawerenga miyezi kuti afike Fomu 2, abwezere kwa obwera kumene zomwe iye anachitiridwa, mwinanso kuwonjezerapo chiwongoladzanja. Ndi mmene mchitidwewu, umene m'malamulo a sukulu umalembedwa kuti "teasing", umadziberekera chaka ndi chaka. Tsiku lina muli awiri, afunseni bambowo kuti yemwe ankawavutitsa anali ndani. Mudzaona kuti dzina akulikumbukira bwinobwino patapita zaka makumi atatu, pomwe aphunzitsi ena a nthawiyo anawaiwala kalekale. Simukufuna kuti apepese kapena agonje pa mkangano. Mukungofuna kuti amuitane mwana wawo, amuuze mawu ochepa: "Wachita bwino kutiuza." Kwa mnyamata wa msinkhu umenewu, mawuwa akachokera kwa bambo amalemera kuposa anu ndi anga.

Zinthu izi zimakula usiku, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Pulepu, nthawi ija yowerenga madzulo, ikatha, aphunzitsi apita kunyumba zawo. Woyang'anira hosteli ndi mmodzi kapena awiri, anyamata ndi mazana, ndipo nayenso ali ndi makope oti achonge ndi banja lomudikira. Ndiye timawasiyira mapulifekiti. Mwana wa zaka 18 timupatsa mphamvu zolemba maina a olakwa, zogawa chibalo, zoyang'anira mzere wa nsima, koma osamuphunzitsa n'komwe kuti mphamvu amazigwira bwanji. Ambiri amayesetsa, sindikufuna kuwadetsa onse. Koma wozunzayo akakhala pulifekiti, wa Fomu 1 akadandaule kwa yani? Njira yopita kwa aphunzitsi imadzera mwa yemweyo. Ndipo nafenso aphunzitsi timavutika kuvomereza kuti mwana amene tinamusankha tokha ndiye wolakwa. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndikuuzeni cholakwa changa, chomwe chimandichititsa manyazi mpaka pano. Panali kamnyamata kena ka Fomu 1 komwe kankachedwa ku pulepu pafupifupi madzulo alionse. Dzina lake linkabwera pa pepala la mapulifekiti sabata ndi sabata. Ndinakapatsa chibalo chotchetcha, sikanasinthe. Ndinakapatsa chokumba dzenje la zinyalala, kanakumba osadandaula, n'kuchedwanso Lolemba lake. Ine ndinati ndi mwano. Anandithandiza anali bambo wina wophika kukhitchini, amene anandiima panjira n'kunena chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, mwana uja mumamuona manja?" Ndinamuitana mwanayo kuti atambasule zikhatho. Zinali zotuwa mbuu, zosweka pakati pa zala ndi sopo, khungu la m'mfundo litasupuka. Ankachapa majinzi ndi mabulangete a anyamata anayi kumjigo nthawi yomwe anzake akudya, ndipo amene ankamulemba kuti wachedwa anali mmodzi mwa eni zovalazo. Mwezi wathunthu ine ndinali kuwathandiza kumuzunza. Kuchokera tsiku limenelo, mwana akamalakwa chinthu chimodzimodzi nthawi imodzimodzi, ndinkayamba ndafunsa kuti ola lapitalo anali kuti. Ndinaphunziranso kuti ophika, alonda ndi amayi ogulitsa mandasi pageti amadziwa za kuhosteli kuposa ife a choko.

Mwina mukudzifunsa kuti bwanji sananene atabwera ku holide. Pali mantha oti akabwerera akamuona zakuda chifukwa choneneza. Pali manyazi, poti mnyamata safuna kuuza amayi ake kuti ankavina usiku atavala kabudula yekha anzake akuseka. Koma chachikulu mwa ana osankhidwa kupita ku sukulu zogonera n'chakuti amadziwa momwe banja linasangalalira dzina lawo litatuluka, amadziwa mbuzi kapena matumba a chimanga omwe anagulitsidwa kuti fizi ipezeke. Amati ndikadandaula ndiwakhumudwitsa. Choncho funso loti "bwanji sunanene?" lisatuluke pakamwa panu, chifukwa kwa iye limamveka ngati mlandu wina. Musamukhazikenso pampando ngati ali kubwalo la milandu. Anyamata amalankhula bwino manja ali pa ntchito, maso asakuyang'anizana ndi anu. Mutengeni popita kuchigayo, kapena mukamatong'ola chimanga, n'kumangofunsa pang'onopang'ono: zinayamba liti, zinkachitikira pati, ankakhalapo ndani. Akasiya, musiyeni, mawa lilipo.

Zomwe akunenazo zilembedwe. Gulani kope latsopano, alembe yekha ndi dzanja lake ngati angathe. Masiku enieni mwina sawakumbukira, koma akhoza kunena kuti linali Loweruka la mpira uja, kapena sabata ya mayeso a pakati pa teremu. Alembe katundu yense amene anatengedwa ndi mtengo wake. Ngati ndalama munkatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, mauthenga aja musafufute, akusonyeza zomwe mwana analandira ndi tsiku lake. Alembe maina a anzake a Fomu 1 omwe ankaona kapena kuchitiridwa zomwezo, poti sindikukhulupirira kuti atatu aja ankavutitsa mwana mmodzi yekha. Ngati ali ndi zipsera m'thupi, akaonedwe kuchipatala ndipo zilembedwe m'buku lake lakuchipatala.

Pali funso limodzi lolemera lomwe liyenera kufunsidwa, ndipo mwina wolifunsa bwino ndi malume ake kapena bambo ake. Pamene ankamudzutsa usikuwo, kodi alipo anamuvula, kumugwira malo obisika, kapena kumukakamiza zogonana? Anthu timaganiza kuti izi zimachitikira atsikana okha, koma m'mahosteli a anyamata zimachitikanso, ndipo mnyamata amatha kuzibisa mpaka kukula. Ngati yankho ndi eya, imeneyo si nkhani ya komiti ya mwambo ayi. Ndi ya chipatala ndi polisi, tsiku lomwelo. Mankhwala oteteza ku HIV munthu akagwiriridwa amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo ngakhale nthawiyo itadutsa, mwana ayenera kupimidwa ndi kulandira uphungu. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre muli malo a Chikwanekwane, pomwe achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi kuti mwana asamayende maofesi ambiri akubwereza nkhani yowawa.

Za malume, ndikuwamvetsa. Mwini mbumba akamva kuti mphwake wazunzidwa, magazi amawira. Koma akakangogwira mwana wa eni pasukulupo, nkhani yonse itembenuka. Iwo akagona m'chitolokosi, sukulu ipeza chonena choti banja lake ndi landewu n'kale, ndipo mlandu wa mwana wanu ufera pomwepo. Musawaletse kupita. Apite nanu, atavala bwino, akakhale pambali panu mu ofesi ngati mboni ya banja. Ukali wawowo ukagwire ntchito yofunsa mafunso ndi yobwereranso kawiri, katatu, mpaka yankho lipezeke.

Musadikire kuti masabata awiriwo athe. Imbani foni mupemphe tsiku loonana ndi ahedi kapena achiwiri awo, amene nthawi zambiri ndiwo amatsogolera komiti ya mwambo. Lembani kalata yaifupi yofotokoza zomwe mwana wanena, ikhale pawiri, ina musiye, ina akudindireni kapena akusainireni mubwere nayo. Dandaulo la pakamwa limauluka ndi mphepo, la papepala limafuna yankho. Mukalowa, yambani ndi kufunsa za mnyamata anavulala uja kuti ali bwanji, ndipo nenani poyera kuti za ndowazo simukuzivomereza. Ndaonapo ahedi atakonzekera nkhondo, mapewa ali m'mwamba, n'kufewa nthawi yomweyo kholo litayamba choncho. Mukatero m'pamene mutulutse kope lija.

Muli ndi ufulu wofunsa, ndipo si mwano. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ayenera kuchitiridwa mwachilungamo ndi maofesi a boma, ndiponso kupatsidwa zifukwa zolembedwa pamene chigamulo chakhudza ufulu wake. Sukulu ya boma ndi ofesi ya boma. Ndiye funsani modekha: kodi mwanayu anapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake? Pamene ankalemba lipoti lake, m'chipindamo munali ndani? Ngati pulifekiti uja kapena anzake anali pakhomo, lipotilo ndi la mantha. Kodi alipo anafunsa chomwe chinachititsa kuti mwana wa Fomu 1, wopanda mbiri ya ndewu, anyamulire ndowa mnyamata wamkulu kuposa iye? Ndipo funso lofunika koposa: akabwerera, akagona kuti, ndipo ndani akaonetsetse kuti sakabwezeredwa?

Ngati ahedi ndi omasuka, apempheni ayese njira iyi, yomwe ine inandithandiza kangapo. A Fomu 1 onse alowe m'kalasi popanda pulifekiti aliyense, apatsidwe mapepala ofanana, asalembe dzina. Aliyense alembe malo ndi nthawi yomwe amaopa kwambiri pasukulupo, ndi zomwe zimachitika kumeneko. Amene alibe chonena alembebe chilichonse, kuti pasadziwike yemwe waulula. Mapepala makumi asanu ndi limodzi akamatchula maina atatu omwewo ndi ngodya imodzimodzi ya kuseri kwa mabafa, palibenso angati mwana wanu akungofuna kudziyeretsa. Ubwino wina ndi woti mlandu suchokeranso kwa iye yekha, choncho womulozera chala kuti ndiye kazitape amasowa.

Nanga atatuwo alangidwe bwanji? Ndikudziwa kuti mumtima mukufuna akwapulidwe pa asembule aliyense akuona. Ine ndikuti ayi, ndipo si chifukwa chowamvera chisoni chokha. Gawo 19 la malamulo omwe aja, amene dziko lino linayamba kuwatsata mu 1994, limaletsa kuchitira munthu nkhanza kapena zomuchotsera ulemu, ndipo Unduna wa Maphunziro suloleza aphunzitsi kukwapula ana, ngakhale tonse tikudziwa kuti ndodo sinatheretu m'makalasi. Koma ngakhale lamulo likanalola, taganizani phunziro lomwe mkwapulo umapereka: wamkulu ali ndi mphamvu yopweteka wamng'ono. Limenelo ndi phunziro lomwe anyamatawo akulidziwa kale bwino, ndipo usiku womwewo akalibwereza kwa wina kuhosteli. Chilango chomwe ndaona chikugwira ntchito ndi chija chogwirizana ndi cholakwacho. Upulifekiti uchotsedwe, poti anaugwiritsa ntchito molakwika. Bulangete, nsapato ndi ndalama zibwezedwe, makolo awo akudziwa. Ngati mwana wanu wabwezedwa kunyumba pa zomwe anachita mphindi imodzi, n'kovuta kumvetsa kuti iwo asabwezedwe pa zomwe anachita miyezi. Akabwerako, mphunzitsi mmodzi azikumana nawo sabata iliyonse, aliyense payekha, adziwe kuti diso lilipo.

Chimodzi chokha mukane: kuwaimiritsa onse anayi kutsogolo kuti agwirane chanza, nkhani yatha. Kuyanjanitsa kotere n'kwa anthu amene anachita ndewu yofanana mphamvu. Kwa wozunzidwa, kumamuuza kuti nayenso ali ndi theka la kulakwa, ndipo amagwira chanzacho akunjenjemera. Kupepesa kudzabwere pambuyo, mwana wanu akafuna yekha. Sindikondanso kuthamangira kuchotsa ana sukulu kotheratu, kupatula pa milandu yoopsa. Pa sukulu ya boma ahedi sachita zimenezo paokha, nkhani imakwera ku maofesi a maphunziro, ndipo mwana wongothamangitsidwa popanda womulangiza amakapitiriza khalidwe lomwelo komwe wapitako.

Pali anthu ena amene sitiwawerengera pa mlandu ngati uwu: oonerera. Pamene mwana wanu ankavina, m'chipindamo munali anyamata ena ambiri, ena akuseka, ena atafunda kumutu ngati agona. Wozunza amadya kuseka kwa anzake, ndiwo malipiro ake. Ku Finland, akatswiri a pa yunivesite ya Turku motsogozedwa ndi Christina Salmivalli anakonza ndondomeko yotchedwa KiVa, yomwe inafalikira m'sukulu za dzikolo kuyambira 2009, ndipo mtima wake ndi womwewu: sintha oonerera, wozunza asowe omuombera m'manja. Ife tilibe ndalama zawo, koma mfundoyo siifuna ndalama. Pa sukulu ina tinangopempha anyamata odekha a Fomu 3, aja olemekezedwa ndi anzawo chifukwa cha mpira kapena kwaya, kuti aliyense atenge a Fomu 1 atatu ngati azing'ono ake. Sizinathetse zonse, koma kudzutsana usiku kunachepa kwambiri. Mukhoza kukaitula mfundoyi pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Makolo a anyamatawo musawafunefune panokha, kaya pa foni kaya pa gulu la WhatsApp la makolo. Kholo lililonse limayamba ndi kuteteza mwana wake, ndipo mawu olembedwa mutapsa mtima adzakutsatani. Mukakumane nawo pamaso pa ahedi. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, nawonso zikawapota akamva. Ena mwa anyamata oterewa amachokera m'nyumba zomwe mbama ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku, ena ndi aja anazunzidwa ali Fomu 1. Zimenezi sizichotsa mlandu, koma zikuthandizani kulankhula ngati kholo kwa kholo linzanu.

Sukulu ikakuzengerezani, kapena ikati nkhani inatha kale, kwerani makwerero. Yambani ndi wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kenaka ofesi ya maphunziro ya chigawo chomwe sukuluyo ili, poti sekondale za boma zimayang'aniridwa ndi zigawo zisanu ndi chimodzi za maphunziro. Mukatenge kalata yanu yodindidwa ija. Kupitirira apo kuli ofesi ya Ombudsman, yomwe imamva madandaulo a anthu ochitiridwa zosalungama ndi maofesi a boma, komanso bungwe la Malawi Human Rights Commission. Owerenga amene ana awo ali ku pulayimale, njira yanu ndi mphunzitsi wa kalasi, ahedi, komiti ya sukulu ndi gulu la amayi, kenaka mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, a PEA, ku TDC, malo omwe aphunzitsi a zoniyo amakumanirako. Nthawi ina iliyonse mukhoza kuimba 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe amayendetsa a YONECO, ndipo mwana akhoza kuimba yekha. Kulanda katundu moopseza ndi kumenya ndi milandu ngakhale zichitikire mkati mwa mpanda wa sukulu, choncho nthambi ya Victim Support kupolisi ndi yotseguka kwa inu. Kungoti dziwani kuti mukapita kumeneko nkhani ya ndowa nayo itulukira, ndiye pitani mutakonzeka kunena zonse. Wosakwana zaka 18 ndi mwana pamaso pa lamulo, ndipo lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 lili ndi njira zake zoweruzira ana zomwe cholinga chake ndi kuwakonza.

Mufunseninso ngati alipo ankajambula pa foni pamene ankavinitsidwa. Mafoni ndi oletsedwa m'sukulu zambiri koma amalowabe. Ngati kanema alipo ndipo akuyenda, musungeni ngati umboni, musamutumize kwa achibale kuti aone. Lamulo la 2016 loona za pa intaneti limaletsa kuzunza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta.

Tifike pa kusamutsa. Maganizo anga ndi akuti musafulumire. Malo amenewo anawapeza ndi mutu wake pa mayeso a Sitandade 8, ndipo si chilungamo kuti wochoka akhale iye. Kusamutsa mwana pakati pa sekondale za boma kumadzeranso ku maofesi ndipo kumadalira ngati kwinako kuli malo. Mwananso akachotsedwa mwakachetechete amatha kumva ngati wathawa, kapena ngati walangidwa kachiwiri. Koma musadalire zoti a Fomu 4 alemba MSCE posachedwa achoke. Ngati mchitidwewo sunakhudzidwe, a Fomu 3 akudikira mpando. Ndingakuuzeni kuti mumusamutse pa zifukwa izi: ngati panali zogwiriridwa, ngati ahedi akana ngakhale kufufuza, ngati wabwezeredwa atabwerera, kapena ngati mwiniwakeyo, mutakambirana mofatsa kangapo, akuti sangathe. Zikatero, sekondale yoyendera ya pafupi ndi kwanu, mwana akugona m'nyumba mwanu mtima uli m'malo, iposa sukulu ya dzina yomwe akukhalamo ngati mkaidi. Mufunseni maganizo ake. Miyezi yonseyi anthu akhala akumuchitira zinthu osamufunsa.

M'masiku ali pakhomowa muzimuyang'ana. Akamakana chakudya masiku angapo, akamalephera kugona, akamagawa zinthu zake zomwe amazikonda, kapena akanena mawu ngati "bola kungofa" kapena "ndikukuvutitsani", musati ndi zachibwana. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzivulaza. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa mpata wopuma. Mankhwala a m'munda ndi osungira chimanga atsekeredwe, asakhale yekha, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma lanu tsiku lomwelo mukafunse anamwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe nawonso amapereka uphungu wotere. Ngakhale zizindikirozi palibe, kucheza ndi mlangizi, kapena mkulu wa kumpingo kapena kumzikiti amene mwanayo amamukhulupirira, kukhoza kumupeputsa. Makope asawatayenso: masabata awiri ndi ambiri, apemphe manotsi kwa mnzake, ndipo m'mawa uliwonse aziwerenga ngati ali m'kalasi.

Tsiku lobwerera mumuperekeze, musamukweze minibasi yekha. Musanachoke pasukulupo muone ndi maso anu bedi lomwe akagone, ndipo mumve dzina la mphunzitsi mmodzi amene mwanayo wasankha yekha kuti azikamuuza zovuta. Ndalama musamupatse zambiri m'manja. Zisungidwe ndi mphunzitsiyo, azitenga pang'onopang'ono, ndipo katundu wake alembedwe dzina ndi utoto wosafufutika. Gwirizanani mawu achinsinsi oti akawanena pa foni ya aphunzitsi, anthu ali pomwepo, inu mudziwe kuti zinthu sizili bwino, monga kufunsa za galu wa pakhomo. Pakatha masabata awiri kapena atatu mupiteko tsiku lomwe sakukuyembekezani, mupatse moni alonda ndi ophika, mucheze nawo pang'ono. Akatuluka mwanayo, musanafunse za mayeso, mugwireni manja onse awiri muone zikhatho.